Kutolera ndalama zakale za siliva ndi golide za ku Britain: poyambira pake

Ndalama yanga yoyamba ndinaiwononga ndekha. Inali half crown, ndalama yasiliva ya ku Britain, ya 1918 ya mutu wa Mfumu George V, yomwe inatuluka m'bokosi lachitsulo la agogo aamuna pamodzi ndi malisiti a msonkho ndi mabatani a jekete. Inali yakuda bii m'mizere mwake. Ndinatenga phulusa ndi ndimu, n'kuikwecha ngati poto mpaka inawala. Patapita zaka ndinaionetsa kwa bambo wina wogulitsa ndalama zakale pa chionetsero china ku England. Anaitembenuza kamodzi kokha pansi pa nyale, n'kundibwezera. Anati angailipire mtengo wa siliva wake basi, chifukwa timizere ta phulusa tija tinkaoneka ngati munda wolimidwa kumene. Ndiye musanawerenge china chilichonse pano, ngati muli ndi ndalama yakale m'nyumba, isiyeni mmene ilili. Musaitsuke, musaipake mankhwala owalitsira zitsulo, musaipukute ngakhale ndi malaya.

Yambani ndi kudziwa mayina ndi kawerengedwe

Mpaka pa 15 February 1971, paundi ya ku Britain inali ndi masheleni 20, ndipo sheleni iliyonse inali ndi makobiri 12. Paundi imodzi, makobiri 240. Akuluakulu akwathu kawerengedwe aka sikachilendo, chifukwa ndi kamene kanali ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, ndipo ndi komwe kunachokera mawu oti tiki ndi sheleni. Ndalama zasiliva zomwe mudzakumane nazo kawirikawiri ndi izi: tiki ya makobiri atatu, sikisipensi, sheleni, florin ya masheleni awiri, half crown ya masheleni awiri ndi theka, ndi crown ya masheleni asanu, chimphona cha zonse. Zagolide ndi sovereign, yomwe inali paundi imodzi, ndi half sovereign. Kumbuyo kwa izi kuli guinea, yomwe inayamba mu 1663 ndipo dzina lake linachokera ku gombe la Guinea kumadzulo kwa Africa, komwe kunkachokera golide wake wambiri. Kuyambira 1717 guinea inkawerengedwa masheleni 21. Imeneyo ndi ya anthu okhwima kale pa ntchitoyi, tiyeni tiisiye kaye.

Chenjezo kwa amene mukufufuza m'mabokosi a kumudzi: si ndalama iliyonse ya mutu wa mfumu yomwe ili ya ku Britain. Werengani zolembedwazo. Mupeza za Southern Rhodesia, za South Africa, za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhalenso florin ndi half crown za Malawi za 1964 za mutu wa Kamuzu. Nazonso n'zabwino kusunga, koma ndi nkhani ina, ndipo za Kamuzuzo zilibe siliva ngakhale zimayera.

Lowezani zaka ziwiri: 1920 ndi 1947

Apa ndi pamene pagona phindu ndi kuluza. Ndalama zasiliva za ku Britain zopangidwa 1920 isanafike zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000 aliwonse, yemwe amamutcha sterling. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mtengo wa siliva unakwera, boma linatsitsa muyezo, moti kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka lokha. Kuyambira 1947 mulibemo siliva n'komwe, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Kupatulapo ndi tindalama ta Maundy tomwe mfumu imagawa tsiku la Lachinayi Loyera, koma timeneto simungatitole mwangozi.

Choncho ndalama ikafika m'manja mwanu, diso lithamangire pa chaka musanayang'ane kukongola. Half crown imalemera magalamu 14.14. Ya 1918 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 13, ya 1935 ili ndi magalamu 7, ya 1950 ilibe kalikonse, chonsecho kukula kwake n'chimodzimodzi. Mukadziwa zimenezi mutha kuwerengera mtengo wapansi wa ndalama iliyonse. Mtengo wa siliva ndi golide umalengezedwa tsiku lililonse pa troy ounce, yomwe ndi magalamu 31.1. Gawani mtengowo ndi 31.1, chulukitsani ndi magalamu a siliva ali mu ndalamayo, mwapeza mtengo wa chitsulo chokha. Chilichonse chimene wogulitsa akuonjezera pamwamba pake ndi mtengo wa kusowa kwake ndi ubwino wake, ndipo ayenera kukufotokozerani chifukwa chake.

Pali crown imodzi yomwe yanamiza anthu ambiri, ya 1965 ya mutu wa Winston Churchill. Ndi yaikulu, yolemera, yooneka ngati chuma. Ilibe siliva, ndipo inapangidwa mamiliyoni ambirimbiri, moti pafupifupi nyumba iliyonse ya agogo ku Britain ili nayo mu dirowa. Wina akakutsatsani ngati chinthu chosowa, mwadziwa mtundu wa munthu amene mukulankhula naye.

Sankhani kanjira kamodzi kopapatiza

Oyamba kumene amagula chilichonse chowala, ndipo chaka chikatha amakhala ndi mulu wosalongosoka. Ndi bwino kusankha kagawo kamodzi komwe thumba lanu lingakwanitse. Ine ndimalangiza masheleni a George VI a zaka za 1937 mpaka 1946. Ndi otsika mtengo, ali ndi siliva, ndipo chaka chilichonse ali ndi mitundu iwiri, wina wa chizindikiro cha England, wina wa Scotland, ndiye mumaphunzira kuyang'anitsitsa mkango ndi kaimidwe kake. Ndalama 20, ntchito yatha, ndipo maso anu aphunzira zambiri popanda kutaya ndalama zochuluka.

Njira ina yokoma ndi kutola mtundu umodzi wa ndalama pa mfumu iliyonse. Tengani sheleni. Mfumukazi Victoria yekha akupatsani mitu itatu: wautsikana wa 1838 mpaka 1887, wa chikondwerero cha Jubilee (zaka 50 za ufumu wake) wa 1887 mpaka 1892 wokhala ndi kachisoti kakang'ono kooneka ngati kagwa, ndi waukalamba atafunda nsalu kumutu wa 1893 mpaka 1901. Kenako Edward VII, George V, George VI. Mukaziyala pa tebulo muona mwambo wina: mfumu iliyonse imayang'ana mbali yosiyana ndi ya amene waloŵa m'malo mwake. Victoria kumanzere, Edward VII kumanja, George V kumanzere. Nanga bwanji George VI nayenso akuyang'ana kumanzere? Pakati pawo panali Edward VIII, yemwe anatula ufumu mu December 1936 ndalama zake zisanatuluke kwa anthu. Iye anayenera kuyang'ana kumanja, ndiye mng'ono wake anangopitiriza ngati mwambo sunasokonezeke. Sovereign imodzi ya Edward VIII ya 1937, mwa zochepa zoyesera zomwe zinapangidwa, inagulidwa pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni mu 2020. Mukaona yake pa msika wa m'misewu, ndi chidole.

Musabwerere m'mbuyo kupitirira 1816 pakadali pano. Chaka chimenecho Britain inakonzanso ndalama zake zonse, ndipo kuyambira pamenepo kulemera kwa ndalama iliyonse kunakhazikika. Kwa wophunzira, zimenezi ndi chitetezo, chifukwa sikelo imakuuzani zoona. Ndalama zosula ndi nyundo za m'zaka zamakedzana, monga makobiri a siliva a Edward I, n'zosangalatsa kwambiri, koma n'zopotoka, zina zodulidwa m'mphepete, ndipo zimafuna diso lomwe simunakhale nalo.

Gulani zida musanagule ndalama yachiwiri

Zida zake n'zochepa. Sikelo yaing'ono ya batire yotha kuyeza mpaka magalamu 0.01, chifukwa ya kukhitchini siithandiza. Galasi lokulitsa zinthu kakhumi. Choyezera m'lifupi cha mamilimita, chapulasitiki kuti chisakande. Maginito wamphamvu. Nyale imodzi yowala kuchokera mbali imodzi. Komanso buku la mitengo lomwe kwa zaka zambiri linkasindikizidwa ndi kampani ya Spink ya ku London, lomwe limatuluka chaka ndi chaka ndipo ogulitsa ambiri amatchula manambala ake. La zaka zitatu zapitazo likukwanirani, pakuti mitengo imasintha koma zaka ndi mitundu ya ndalama sizisintha.

Kuyesa ndalama: sikelo patsogolo

Ikani kansalu kofewa pa tebulo, gwirani ndalama m'mphepete ndi zala ziwiri, osati pankhope. Yambani ndi kulemera. Tiki yasiliva ndi magalamu 1.41, sikisipensi 2.83, sheleni 5.66, florin 11.31, half crown 14.14, crown 28.28. Ndalama yoyenda zaka zambiri m'matumba imapepukako pang'ono, n'zachibadwa. Chokayikitsa ndi ndalama yooneka yatsopano koma yopepuka, kapena yolemera kuposa muyezo. Ndalama siinenepa ndi ukalamba.

Maginito amagwira ntchito imodzi yokha. Siliva ndi golide sizimamatira, ndiye ikamamatira itayeni. Koma kusamatira si umboni woti ndi siliva, chifukwa za 1947 kupita mtsogolo nazonso sizimamatira. Ena amakonda kuiliza: amaiika pa nsonga ya chala n'kuigogoda pang'ono, sterling imalira ngwee kwa kanthawi, pamene yabodza ya mtovu imangoti phu. Chitani zimenezi pa ndalama zotha kale zokha, osati pa yabwino.

Kenako galasi. Ndalama yeniyeni inadindidwa ndi mphamvu, ndiye zilembo zake n'zakuthwa ndipo pansi pake mposalala. Yabodza yothira m'chikombole imakhala ndi timaenje ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba, zilembo zonenepa, ndipo nthawi zina m'mphepete mumaoneka mzere pomwe mbali ziwiri zinakumana. Yang'anitsitsani nambala yomaliza ya chaka. Half crown ya 1905 ndi yosowa kwambiri, choncho akathyali amasema nambala ya chaka china kuti ioneke 5. Crown ya 1934 inapangidwa 932 zokha, koma zonamizira zake n'zochuluka kuposa zenizeni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya chaka chosowa yotsika mtengo modabwitsa isiyeni ipite.

Kuweruza ubwino wake

Apa ndipo pali luso lenileni, ndipo palibe njira yachidule. Ku Britain amagwiritsa ntchito masitepe awa: Fine, Very Fine, Extremely Fine ndi Uncirculated, mwachidule F, VF, EF ndi UNC. Dzina loti Fine lisakunamizeni, limatanthauza ndalama yoperepeseka ndithu, yomwe chithunzi chikuoneka koma tsitsi lafufutika. VF yatha pang'ono pa malo okwera okha. EF imafuna galasi kuti muone kutha kwake. UNC siinayendepo m'manja mwa anthu. Kusiyana kwa sitepe imodzi kutha kuchulukitsa mtengo kawiri kapena kupitirira, ndiye wogulitsa amakonda kukweza sitepe, wogula kutsitsa.

Phunzirani malo omwe amayamba kutha. Pa mutu wa George V yang'anani pamwamba pa khutu, ndevu za pamlomo ndi tsitsi la m'mbali. Pa half crown ya Edward VII tembenuzani, muone lamba wozungulira chishango wolembedwa HONI SOIT QUI MAL Y PENSE. Zilembo zina za mawu amenewa zimafufutika msanga, ndiye mukapeza yomwe zonse zikuwerengeka bwinobwino, mwapeza chinthu. Mutu wa Edward VII unasemedwa mosazama, n'chifukwa chake zasiliva zake zabwino zimavuta kupeza.

Pendeketsani ndalama pansi pa nyale pang'onopang'ono. Yosatsukidwa imakhala ndi kuwala kozungulira ngati masipoko a njinga ikamayenda. Yotsukidwa imangoti mbee paliponse, ndi timizere toloza mbali imodzi. Kuda kwa siliva wakale, kotuwa kapena kofiirira m'mphepete, otolera amakukonda ndipo amalipira. Onaninso m'mphepete ngati inagwa n'kuphwanyika, komanso ngati inabooledwa n'kumatidwa.

Mudzaonanso ndalama zotsekeredwa m'timabokosi tapulasitiki ta makampani a ku America a NGC ndi PCGS, zokhala ndi nambala ya pakati pa 1 ndi 70. Zimathandiza pa ndalama zodula chifukwa akatswiri aziona kale, ndipo nambala ya kabokosiko mutha kuitsimikiza pa intaneti. Koma pa sheleni ya mtengo wa mbale ya chakudya, kabokosiko kamadula kuposa ndalamayo.

Tsopano golide

Musakhudze golide musanagwire zasiliva zokwana zana limodzi. Cholakwa cha pa sheleni chimakulandani ya basi, cha pa sovereign chimakulandani malipiro.

Sovereign yamakono inayamba mu 1817, ndi chithunzi cha George Woyera ali pa hatchi akupha chinjoka, chojambulidwa ndi Benedetto Pistrucci wa ku Italy. Imalemera magalamu 7.98, m'lifupi mwake ndi mamilimita 22.05, ndipo golide wake ndi wa makarati 22, kutanthauza magawo 11 pa 12. Golide weniweni m'menemo ndi magalamu 7.32. Half sovereign ndi magalamu 3.99. Golide ndi wolemera kwambiri moti wachinyengo wogwiritsa ntchito mkuwa sangapeze kulemera, m'lifupi ndi kukhuthala zonse pamodzi. Akapeza kulemera, ndalama imakhuthala kapena kukula. N'chifukwa chake muyenera kuyeza zonse zitatu, osati chimodzi. Zovuta kwambiri ndi zabodza zopangidwa ndi golide weniweni, zomwe zinachuluka ku Middle East m'zaka za pakati pa 1950 ndi 1980. Izi sikelo imazivomereza, zimagwidwa ndi galasi komanso buku, chifukwa zina zili ndi chaka ndi chilembo zomwe sizinakhaleko limodzi.

Chilembo chimenechi ndicho chokoma pa sovereign. Sizinkapangidwa ku London kokha. Pa za Edward VII ndi George V, yang'anani ndi galasi pa nthaka yomwe ili pansi pa chiboda cha hatchi, pamwamba pa chaka. S ndi Sydney, M ndi Melbourne, P ndi Perth, C ndi Ottawa ku Canada, I ndi Bombay ku India ya chaka cha 1918 chokha, SA ndi Pretoria kuyambira 1923 mpaka 1932. Popanda chilembo ndiye London. Sovereign ya 1917 ya ku Perth ndi wamba, koma ya 1917 ya ku London ndi yosowa zedi, ndiye anthu amapala chilembocho kuti ioneke ya London. Malo amenewo akaoneka okumbika kapena osalala mosiyana ndi pozungulira, bwezani. Kwa woyamba, cholinga chabwino ndi kupeza George V mmodzi wa malo aliwonse. Za SA za zaka ngati 1925 mpaka 1931 zimapezeka mosavuta pa mtengo woyandikira wa golide wake, pamene za 1923 ndi 1924 n'zosowa.

Kayeso kena kosafuna chida: gwirani sovereign mutu uli chilili, muitembenuze cham'mbali ngati tsamba la buku. Za mutu wautsikana wa Victoria kumbuyo kwake kumatuluka chadodolido, pamene za kuyambira mutu wa Jubilee wa 1887 zimatuluka chilili. Ndipo samalani ndi zomwe zinakhalapo pa mphete kapena pa unyolo wa m'khosi. Zimakhala ndi zipsera m'mphepete, ndipo mtengo wake ndi wa golide basi.

Kogula

Kwa amene muli ku Britain, yambani ndi mbale za ndalama zosakaniza zomwe ogulitsa amaika pa zionetsero za ndalama ndi m'masitolo a zinthu zakale. M'menemo mumasankha nokha, ndipo ndi sukulu yotsika mtengo. Mukafuna chinthu chodula, pitani kwa wogulitsa yemwe ndi membala wa British Numismatic Trade Association, bungwe lomwe limakonzanso chionetsero cha Coinex ku London. Funsani mafunso atatu: kodi inatsukidwapo, kodi mukulemba pa lisiti kuti ndi yeniyeni, kodi ndingabweze. Woona mtima sakwiya nawo mafunso amenewa. Kunenerera n'kololedwa, makamaka mukagula zingapo.

Ku okushoni monga ya Spink, Noonans kapena Baldwin's, kumbukirani kuti mtengo womwe nyundo yagwera si womwe mulipire. Pamwamba pake pali gawo la kampani, lomwe kawirikawiri limapitirira 20 peresenti, kuphatikizanso zotumizira. Lembani malire anu papepala okushoni isanayambe. Zotsatira za maokushoni akale zili pa intaneti ndi zithunzi zake, ndipo kuziyang'ana madzulo aliwonse kumaphunzitsa maso kwaulere. Pa eBay ndi Facebook gulani zokhazo zomwe zikakhala zabodza simungalire, ndipo pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi za m'mphepete, ndalamayo ili pa sikelo.

Ku Britain sovereign za kuyambira 1837 sizilipitsidwa msonkho wa phindu mukazigulitsa, chifukwa mwalamulo zikadali ndalama. Koma lamulo limenelo limathera pa malire a dzikolo. Ngati mukufuna kupita nazo kumudzi kapena kuchoka nazo kumudzi, funsani a kasitomu a mbali zonse ziwiri musanakwere ndege, ndipo malisiti akhale m'chikwama cha m'manja.

Kusunga

Mdani wamkulu ndi chinyezi ndi pulasitiki wofewa wa PVC, uja wonunkha ngati nsapato zatsopano za jombo. Pakapita nthawi amatulutsa zinthu zobiriwira zomata zomwe zimadya nkhope ya ndalama. Gwiritsani ntchito timabokosi tolimba tozungulira toyenerana ndi kukula kwa ndalama, kapena timaenvulopu tapepala topangidwira ndalama. Iliyonse payokha, zisakhudzane. Mphira wa labala ndi nyuzipepala zikhale kutali, zimadetsa siliva. M'bokosi lalikulu ponyanimo timapaketi ta silica tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo nyengo ya dzinja muzitsegula kuona ngati zili bwino. Zagolide zisagone m'nyumba yomwe aliyense akudziwa kuti muli golide. Musazijambule n'kuika pa WhatsApp.

Pomaliza, kope. Ndalama iliyonse ikhale ndi mzere wake: mtundu, chaka, chilembo cha komwe inapangidwira, kulemera komwe mwayeza inuyo, sitepe yomwe mukuiona, komwe munagula, tsiku ndi mtengo. Lembani ngakhale zochititsa manyazi, chifukwa tsiku lina ana anu adzafuna kudziwa yogulitsa ndi yosunga. Mzere woyamba m'kope langa umati: half crown, 1918, magalamu 14.02, ya agogo, yotsukidwa ndi phulusa, yosagulitsa.